Usaitanitse Sipindulo Ina

Mwana wanga wokondedwa,

Landira moni wanga, iwe pamodzi ndi amuna ako ndi kamdzukulu kathu. Mukudzuka bwanji kumeneko? Chifuwa chimene chinamugwira mwana chija chinatha? Kuno ine ndi mayi ako aakulu tilipo, kungoti bondo langa lakumanzere limadandaula ndikamakwera masitepe a kumsika. Mayi ako aliponso, atopa koma akulimba. Za bambo ako ndinena m'munsimu, ndipo ndikupempha kuti uwerenge mpaka kumapeto usanagwire foni.

Udabwa kuti bambo ako aakulu alemba kalata masiku ano. Pa foni mawu amandithawa, komanso mayi ako amakhala ali pambali pomwepo. Ndiye ndalemba pamanja, mayi ako aakulu ajambula masambawa ndi foni yawo n'kukutumizira. Ndaika nambala pamwamba pa tsamba lililonse kuti asasokonezeke. Pamene ndaphonya kalembedwe ukonze wekha, ukudziwa kuti sukulu yanga inathera ku pulayimale.

Lamlungu lija unandifunsa kuti makina osema a bambo ako akuyenda bwanji ndi sipindulo yatsopano, mota ija yozunguliza kampeni kosemera. Ndinati akuyenda. Linali bodza. Sipinduloyo inapsa masabata atatu apitawo, ndipo ndinaiwotcha ndine.

Ndiyambire poyambira kuti undimvetse.

Ukukumbukira mmene mng'ono wangayu anamangira makina ake osema aja m'chipinda chakuseri. Zaka zinayi, Loweruka lililonse akaweruka ku ntchito yake ya magetsi. Ife tinkamuseka kuti wakwatira mkazi wachiwiri wachitsulo. Koma tsiku limene kompyuta inalamula, makinawo n'kuyenda okha n'kusema duwa pa thabwa, tonse tinasiya kumuseka. Panthawiyo chozunguliza kampeni kosemera chinali rauta yakale ya akalipentala. Ankaida kwambiri. Ankati imalira ngati mwana wobayidwa jakisoni, ndipo imasiya thabwa lili ndi ubweya. Inafa kutatsala masabata awiri kuti sitiroko ija imugwetse.

Atatuluka m'chipatala, dzanja lamanja ndi mwendo zosagwira, pakamwa patangotsala "eya" ndi "ayi" amene amatulukanso mosinthana, iwe ndiwe amene unati tiwadzutse makinawo, mwina mtima wake ungadzuke nawo. Unati ndisankhe ine sipindulo yosadula kwambiri, iwe uitanitsa. Ndinakana kawiri. Ine ndine wokonza makina osokera, za makompyuta ndilibe nazo mutu. Koma unati bambo ako amandikhulupirira, ndiye ndinavomera.

M'kope lake la chikuto chobiriwira ndinapeza kuti anali atayamba kale kusankha. Anajambula mizere n'kugawa tsamba patatu.

Koyamba analemba rauta ina ngati yakale ija. Yotchipa kuposa zonse, yopezeka m'sitolo pompano, koma m'munsi mwake analemba mawu amodzi okha akuti phokoso, n'kuwadula mzere kawiri.

Pakati analemba sipindulo yozizira ndi mphepo. Imeneyo imabwera ndi kabokosi kake ka magetsi kokhala ndi kotembenuza liwiro, ndipo imafika kuzungulira ka 24,000 pa mphindi imodzi. Nambala imeneyo ndinaiwerenga katatu poganiza kuti wawonjezera ziro.

Kumapeto analemba yozizira ndi madzi. Liwiro lomwelo, phokoso lochepa kuposa zonse, koma imafuna ndowa, pampu ndi timapaipi tiwiri, ndipo mtengo wake unali wokwererako.

Ndinakhala ndi tsamba limenelo masiku asanu ndi anayi. Mayi ako aakulu anafika pondifunsa ngati ndikusankha mota kapena mpongozi. Ya madzi ndinaiopa. Ine ndimadzidziwa. Munthu amene ndimabwerera kawiri kukagwedeza loko ndikatseka shopu, ndikanakhala bwanji ndi ndowa ya madzi pafupi ndi mawaya? Nanga tsiku loiwala kuyatsa pampu? Rauta ndinaisiya chifukwa cha mizere iwiri ija. Inatsala ya mphepo. Ndinatenga muyeso wa pakamwa pake pogwirira timipeni umene analemba m'kopemo, kuyerekeza ndi timipeni ta bambo ako, ndinayeza katatu ndi choyezera chawo, zinagwirizana. Ndinapita nalo tsambalo kwa iwo, ndinaloza pakati, anagwedeza mutu. Pamenepo ndinakuuza kuti uitanitse.

Inatenga masabata asanu ndi limodzi ndi masiku awiri kuti ifike.

Amene anadzalumikiza mawaya ndi mnzawo wa bambo ako wakuntchito wamtali uja amene ana munkamutcha Amakwerero. Atamaliza anayatsa, n'kutembenuza mpaka pamwamba, kampeni kali m'malere. Mwana wanga, sunamvepo. Inkangoimba kamluzu kosalala, ukaika kapu ya madzi pa tebulo osagwedera. Bambo ako anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa. Chigwereni ndinali ndisanaone mano awo. Amakwerero anatembenukira kukhoma n'kumanamizira kuti utuchi wawalowa m'maso, chonsecho panali pasanasemedwe kanthu.

Tsopano ndikuulule chinsinsi china chimene sichinali changa. Ukukumbukira chaka chatha anakupempha kuti uike dzanja la mwana papepala, ulizungulize ndi pensulo, uwatumizire? Sunauzidwe chifukwa chake. Ankapanga kampando ka mdzukulu wawo amene sanamunyamulepo. Miyendo ndi pokhalira anamaliza kale. Chinatsala chotsamira, chimene anafuna kusemapo kadzanja kaja pakati ndi timbalame tiwiri m'mbali. Chojambulacho chili m'kompyuta, thabwa lake lofiira ankalisunga pamwamba pa wadirobu. Ndi limodzi lokha, lina lotero palibe.

M'kope lomwelo analemba zoyenera kuchita poyendetsa makina, kuyambira nambala 1 mpaka 14. Ndinakopera zonse papepala langa ndi zilembo zazikulu. Ndinayeserera masiku atatu, mota yosayatsa.

Linali Lachiwiri m'mawa, nthawi itangopitirira 9 koloko. Mayi ako anali atapita kukatenga mankhwala. Ndinakankha chikuku cha bambo ako mpaka m'chipinda chakuseri, ndinawaika pamene angaone bwino, ndinawafunditsa bulangete m'miyendo. Ndinamanga thabwa. Ndinatsata nambala 1 mpaka 8 osaphonya. Pa nambala 9 analemba kuti liwiro likhale 18,000.

Apa ndi pamene ndinalakwira, ndipo sindinalakwe moiwala. Ndinalakwa nditaganiza.

Zaka makumi atatu ndakhala ndikutsegula makina osokera. Onse amene anandifera m'manja anafa ndi liwiro. Telala akamathamangitsa makina pofuna kumaliza madiresi a ukwati, mawa lake amabwera kwa ine atawasenza pamutu. Ndimawauza tsiku ndi tsiku kuti chitsulo chimafuna ulemu. Ndiye ndinayang'ana sipindulo yatsopanoyo, yonyezimira, yochokera m'thukuta lako, ndinati iyi sindingaithamangitse tsiku loyamba. Iyambe yazolowera. Ndinatembenuza mpaka 4,000.

Kampeni katalowa m'thabwa, mota inayamba kubuula. Ndinati mwina makina akuyenda mofulumira, ndinachepetsanso mayendedwe ake pa kompyuta mmene unandiphunzitsira muja. Kubuula kunachepa. Ndinadziona wanzeru.

Bambo ako anayamba kumenya chogwirira cha chikuku ndi dzanja lamanzere. Ankati ayi, ayi, kenako eya, kenako ayi. Ine ndinati phokoso likuwapweteka m'mutu. Ndinatsitsanso mpaka 3,000. Anamenya kwambiri, anayesa kudzikoka kuti afike pa kabokosiko, bulangete linagwa pansi.

Chimene ndinachita pamenepo ndi chimene chikundidya. Ndinatola bulangetelo, ndinawafunditsa bwinobwino, ndinatembenuza chikuku n'kuwatulutsa pakhonde. Ndinawasisita paphewa, ndinati usadandaule mng'ono wanga, ndikuisamala. Ndinabwerera m'chipinda n'kutseka chitseko kuti apume.

Mwini makina, amene anamanga bawuti iliyonse ndi manja ake, ndinamutulutsa panja ngati mwana wosokoneza alendo.

Ntchito imene kope linati ndi ya mphindi makumi anayi inafika maola awiri isanafike ndi pakati pomwe. Ine ndili chiimire, ndikupukuta utuchi ndi kaburashi. Kenako ndinamva fungo ngati la tsitsi lopsa. Kabokosi kanaphethira nyali yofiira, zonse zii. Ndinagwira sipindulo ndi zala ziwiri, matuza ake angophulika sabata yatha.

Nditatuluka pakhonde ndinawapeza atasiya kumenya. Dzanja lili pamwendo, m'mphepete mwake mutatupa. Windo linali lotsegula, anamva zonse, ndipo munthu wa magetsi fungo la waya wopsa sachita kuuzidwa. Misozi inkatsika mbali imodzi. Ndinafuna kulankhula, anatembenuzira nkhope kumpanda.

Mawa lake ndinaikulunga mu thaulo n'kupita nayo kwa mkulu wokulunga mamota kuseri kwa msika, amene anthu amamutcha Akoyilo. Anaitsegula, anainunkhiza, anafunsa kuti ndimaithamangitsa bwanji. Ndinayankha monyadira ndithu kuti sindinaithamangitse n'komwe, inali pa 3,000 basi. Anaika sikuludiraiva pansi n'kuseka mpaka kutsokomola. Anaitana wowotcherera zitsulo wa pafupi kuti abwere adzaone dokotala wa makina osokera amene waphika mota pamoto wa pang'onopang'ono ngati nyemba.

Kenako anandionetsa. Kumutu kwa sipinduloyo kuli kafani kakang'ono, kali pa chitsulo chomwecho chimene chimazunguliza kampeni. Ikamathamanga imadzikupiza yokha. Ukaichedwetsa kafaniko kamangoyenda ngati kakuwerenga nyumba, mphepo palibe, pomwe mota ikulimbana ndi thabwa lolimba. Anati zoterezi zinabadwira kuthamanga, kuziyendetsa pang'onopang'ono nthawi yaitali ndiko kuzinyonga. Ndinafunsa ngati angaikulungenso. Anati mawaya ake ndi opyapyala ngati ulusi, maso ake sangathe, komanso mabering'i apsa. Atayang'ana nkhope yanga anasiya kuseka, anandikokera mpando, anamuuza mnzake uja kuti abwerere ku ntchito yake.

Ndiye bambo ako ankadziwa. Kumenya konse kuja ankati ndikweze.

Kwa mayi ako ndinanama kuti makina akudikira kachitsulo kakang'ono. Kwa iwe ndinanama kuti akuyenda. Bambo ako okha ndi amene sindikanawanamiza, ndipo iwo sakanatha kundiulula. Ndimawameta ndevu Lachitatu ndi Loweruka. Kale ndikamawapaka sopo ankandikodola ndi chigongono ndikawakanda. Masabata atatu amenewa ankangotseka maso kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tinakulira pa mphasa imodzi ine ndi iyeyu, tinakanganapo zambiri, koma anali asananditsekerepo maso.

Ndinaganiza zogula ina mwakachetechete, ndi zanga, iwe usadziwe. Ndinabwerera ku tsamba la magawo atatu lija. Ndinasankhanso ya mphepo yomweyo, popeza kabokosi kake sikanapse ndipo tsopano ndikudziwa khalidwe lake. Ndinalemba zonse pa kapepala kuti Amakwerero andithandize kuitanitsa. Kapepalako kanali m'thumba la malaya anga Lachinayi pamene tinapita nawo bambo ako kuchipatala kukapimidwa monga mwa mwezi uliwonse.

Mwana wanga, khala pansi ngati waimirira.

Adokotala, mayi wina wa magalasi wolankhula mofatsa, anatiitanira m'kachipinda ine ndi mayi ako, bambo ako atatsala ndi anamwino. Anati mtima wakula ndipo watopa, impso nazo zayamba kusiya ntchito. Kutupa kwa miyendo kumene tinkati n'chifukwa chokhala pansi, si kumeneko ayi. Anati mankhwala amene atipatse tsopano ndi ongowathandiza kupuma bwino. Ine ndi khalidwe langa lija ndinapempha nambala ya masiku amene awatsalira. Anati iwo sapereka nambala, koma amene akufuna kuwaona abwere mwezi uno.

Ndinafunsa kuti nanga masabata asanu ndi limodzi. Anandiyang'ana, kenako anayang'ana mapepala awo. Mayi ako anaganiza kuti ndikufunsira iwe ndi ulendo wako. Mulungu andikhululukire, ine ndinkafunsira sipindulo.

Tili pakhonde la chipatala mayi ako anandigwira mkono, anati alamu, mwana asamve. Anati wangoyamba kumene ntchito yatsopano, ulendo ndi wautali, ndipo bambo ako anadzukapo kale pamene madokotala anali atagwa mphwayi, adzukanso. Ndinavomera. Usawakwiyire. Akhala akuwatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa miyezi isanu ndi itatu, ndipo akanena kuti adzuka ndiye kuti akudzigwiriziza okha kuti asagwe. Koma ine ndabisa kale zokwanira. Lonjezo limenelo ndikuliphwanya ndi kalata ino, ndipo mlandu wake ndi wanga.

Lachisanu m'mawa ndinang'amba kapepala kaja. Ndinapita ku sitolo ya zipangizo ya mumsewu wa owotcherera zitsulo, ndinagula rauta. Mwini sitolo anandikumbuka chifukwa ndinamuvutitsapo ndi mafunso masiku osankha aja. Anati akulu, si inu munati zaphokoso ayi? Ndinati ndipatseni yomweyo. Anati ndidikire sabata yamawa kukubwera ina yabwinoko pamtengo womwewo. Ndinati ndipatseni ya lero.

Ndinawapeza bambo ako pakhonde. Ndinagwada pafupi ndi chikuku, bondo lodwalali likulira. Ndinawauza zonse, ngakhale ankazidziwa. Ndinati unkandiuza kuti ndikweze, ine ndinakutulutsa panja. Ndinati ya mphepo ina ingatenge nthawi, ndiye ndabweretsa iyi. Sindinanene chifukwa chake nthawi yavuta, ndipo iwo sanadabwe. Ndinaika katoni pamiyendo pawo.

Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakwinya mphuno mmene ankachitira rauta yakale ija ikayamba kulira. Ndinati eya, ndi mlongo wake wa yomwe ija, mawunso ndi omwewo. Paphewa pawo panagwedezeka pang'ono, sindikudziwa ngati kunali kuseka. Anatambasula dzanja lamanzere, anandigwira pamkono, anakoka dzanja langa n'kuliika pa tayala la chikuku.

Ndinawakankha mpaka m'chipinda chakuseri.

Chogwirira cha rauta yakale chinali chikadali m'bokosi la zitsulo, chinakwana bwinobwino. Thabwa ndinali ndisanalimasule chipsereni sipindulo, ndinkaopa kuligwira, ndipo Amakwerero atabwera Loweruka anati mantha anga athandizako kamodzi, chifukwa makina anapeza pamene anasiyira. Pathabwapo panali chala chachikulu ndi cholozera, chachitatu chitalekezera pakati.

Rautayi ili ndi kagudumu ka manambala 1 mpaka 6. Tsopano timachita chonchi. Ndimaika chala pa kagudumuko n'kuwayang'ana. Akamenya kamodzi ndimakweza, akamenya kawiri ndimatsitsa, akagwedeza mutu ndimachotsa chala. Sinditembenuza kanthu iwo asanalole. Chitseko chimakhala chotsegula. Phokoso lake ndi loopsa, mayi wa nyumba yoyandikana anatseka mawindo onse n'kukuwa pampanda kuti kodi mwayambanso. Mayi ako anamuyankha kuti inde ayambanso, ndipo anapita kukalira kubafa.

Amatopa msanga. Mphindi khumi ndi zisanu, mutu wayamba kugwa, mpweya ukuvuta, ndiye timaimitsa. Dzulo tinamaliza chala chachitatu. Chatsala chachinayi, kachala kakang'ono ndi timbalame tija. Thabwa likutuluka ndi ubweya monga ankanenera, ndikulisalaza ndi sandipepala iwo akagona masana. Ngati timaliza sindikudziwa. Lero m'mawa sanafune kudzuka, tangomwetsa madzi ndi supuni.

Unanena Lamlungu kuti ngati pali china chofunika pa makinawo ndikuuze uitanitse. Yankho langa ndi ili. Usaitanitse sipindulo ina, ya mphepo kapena ya madzi. Usaitanitse kanthu kalikonse koyenda masabata asanu ndi limodzi. Bwera iweyo.

Akuntchito kwako uwaonetse kalata ino ngati safuna kumva. Usadikire kutha kwa mwezi. Mwana ubwere naye ngati n'kotheka, ngati mapepala ake achedwa umusiye ndi bambo ake, iwe unyamuke. Ukafuna kuimba, uyambe waimbira foni yanga, kuti ndiwoloke msewu ndikakhale pafupi ndi mayi ako pamene azimva kuti ndakuuza. Mawu amene anganene ndiwalandira ndili pomwepo. Undiuze tsiku ndi ola limene ufike, ndidzakhala ndikudikira pa siteshoni.

Za sipindulo yako ija, undikhululukire ukadzapeza mpata. Si za lero.

Mulungu akusunge, akutsegulire njira, akufikitse kuno bambo ako akadali otha kukuzindikira. Undiperekere moni kwa apongozi anga amuna ako, uwauze kuti ndawapempha akulole. Kamdzukulu ukapsompsone pachipumi. Mayi ako aakulu akuti usalire wekha, uitane mnzako akhale nawe.

Ndine bambo ako aakulu,
wokonza makina osokera.